Likoma ndi Chuma cha M'madzi

Ife amene tikukhala kuno ku Harare tinazolowera kapenta wa ku Kariba, koma ndimafuna kuti ana athu adziwenso za Likoma, chilumba cha Malawi chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique pa nyanja ya Malawi, chimene pamodzi ndi chilumba china cha Chizumulu chimapanga boma lakelake. Nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga, moti milambe ndi chinangwa ndizo zimachita bwino, pamene chimanga chambiri chimachokera kumtunda pa sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951. Mabanja ambiri amadalira usipa ndi utaka, zimene asodzi amakoka ndi ukonde wa chilimira usiku, amayi n'kuyanika pathandala. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti mwera ukakula mabwato sapita panyanja, ndipo ndalama imasowa pachilumba chonse.