Lachitatu tebulo linatsika lokha

Sabata ino ndaweruka mtima uli m'mwamba, ndipo tulo sindikutipeza bwino. Ndakonza njinga zamoto kuno ku Chipata zaka zambiri, ndaonapo zala zotupa ndi hamala ndi miyendo yopsa ndi ekizozi, koma zimene zinachitika pagalaji pathu Lachitatu sindingazitchule kuti tsoka. Tinaziona zikubwera, tinanena kangapo, koma mawu athu anapita ndi mphepo.

Lolemba ndi Lachiwiri inali ntchito ya masiku onse: ma Boxer ndi ma TVS a anyamata onyamula anthu cha ku Kapata, matcheni, maklachi, oyilo wakuda bii chifukwa mwini njinga akuti ndalama ya sevisi adzaipeza mwezi wamawa. Lachiwiri magetsi anazima kuyambira m'mawa, kompuresa inakhala duu, matayala tinapopa ndi pampu ya phazi. Anzanga a sipanala zimenezi mukuzidziwa.

Tebulo lathu lokwezera njinga ndi lija lopopa ndi phazi, lolembedwa pambali kuti limanyamula makilogalamu 450. Bwana analigula lakale, koma linabwera ndi chitsulo chake chokhomera, chija timalowetsa tebulo likafika pamene tikufuna, kuti katundu akhale pachitsulo osati pa oyilo wa mu jeke imene imakweza tebulolo. Chitsulocho chinapindika dzinja lapitali wina atachisandutsa chotukulira injini, kenako chinasowa. Ndinapempha kuti tiduletse china kwa owotcherera. Yankho linali lakuti jeke ndi yolimba, tizigwira choncho. Posakhalitsa jekeyo inayamba kudontha, m'mawa uliwonse tikupeza kadontho pasimenti. Ndinapempha masilu atsopano, timalabala tija totchinga oyilo kuti asadonthe, ndi oyilo wa jeke, bwana anabwera ndi botolo la buleki fuluwidi nathira yekha ine ndili kogula masipeya. Ndinamuuza kuti labala ya mu jeke anaipangira oyilo wa hayidiroliki, ndipo buleki fuluwidi amaifewetsa ndi kuitupitsa mpaka kuphulika. Anati ndimakonda kuvutitsa zinthu.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko panafika mlendo wochokera ku Lilongwe, atadutsa pa Mwami, ulendo wa ku Mfuwe. Njinga yake inali BMW yaikulu ija ya apaulendo, yolemera makilogalamu oposa 200 musanaikepo mabokosi ake. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika m'mbali. Bwana atangoona mlendo anasangalala, nati ikwere patebulo kuti tioneke ngati galaji yeniyeni.

Tinachotsa mabokosi, tinaikankha atatu, wilo yakutsogolo tinaipana m'chopanira. Ndinatenga malamba anga awiri, amene ndinagula ndi ndalama yanga, ndikumanga kutsogolo uku ndi uku mpaka mashoki atatsika pang'ono, kumbuyo ndikuwonjezera chingwe. Jeke yaing'ono ndinaika pansi pa injini kuti wilo yakumbuyo ilendewere. Pamenepo ndinapopa tebulo. Phazi langa linamva kuti pampu ndi yofewa ngati ukuponda nsima, ndipo apa ndi pamene ndinalakwa ineyo: ndinayenera kutsitsa nthawi yomweyo n'kugwirira ntchitoyo pansi. Ndinaona bwana ndi mlendo ataima pakhomo akucheza, ndinakhala chete.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, wazaka 19, wochokera kumudzi cha ku Chadiza, ndiye anali kulandira mabawuti. Limodzi linamupulumuka, linagunda m'mphepete mwa tebulo, n'kugubuduka kulowa pansi, pakati penipeni pa miyendo ija yopingasa ngati sizasi. Anagwada n'kulowetsa mkono. Ndinangomva kuti "fyuu", oyilo n'kuthovoka, tebulo lonse pamodzi ndi njinga n'kukhala pansi kamodzi.

"Amalume! Amalume, dzanja langa!"

Ndinaponda pampu kasanu, kasanu ndi kamodzi, palibe chimene chinasuntha, chifukwa oyilo yense anali pasimenti. Tinalowetsa paipi yaitali m'mphepete, anthu anayi, mlendo yemwe atavula jekete lake, tinatukula pang'ono, mnzathu wina n'kukankhira chipika cha mtengo. Dzanja linatuluka lili loyera mbee, kenako magazi anayamba kutsika m'chigongono. Mnyamatayo sanalire, ankangoliyang'ana dzanjalo, milomo ikunjenjemera, bawuti lija lili pambali pa bondo lake.

Njinga sinagwe. Malamba anagwira, inangogwedezeka n'kuima. Ikanapanda kumangidwa ikanamugwera pamsana, ndipo lero ndikanakhala ndikulemba za maliro.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi funso loyamba la bwana. Ine ndikukulunga dzanja la mwana wa eni ake ndi malaya anga, iwo akuzungulira njinga kufunsa ngati thanki yakalika. Ya takisi yopita kuchipatala ndinalipira ndine. Kumeneko anajambula, zala ziwiri zathyoka, chapakati ndi chotsatira chake, kudzanja lamanja. Madzulo ndinaimbira mayi ake foni. Anangofunsa kuti, "Nanga bambo, adzagwiranso sipanala?" Ndinawauza zimene adokotala ananena, kuti mafupa akalumikizana tidzaona mmene zala zikupindikira. Nditabwerera kugalaji ndinapeza anzanga atamaliza tayala lija ali chogwada pansi, mlendo atapita, ndipo bwana akuti mnyamatayo ndi wosasamala, ndani amalowetsa dzanja pansi pa tebulo? Zoona, dzanja sililowa pamenepo, ndipo ndinamuphunzitsa. Koma mwana wophunzira amaiwala, n'chifukwa chake opanga tebulo anaikapo chokhomera. Chitsulo chimenecho mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi la Boxer.

Lachinayi ndinakana kukhudza tebulo. Njinga zisanu ndi imodzi ndinazikonzera pansi, mawondo ali pakatoni, msana ukuwawa.

Lachisanu panabwera aphunzitsi ena a ku Katete, kasitomala wanga wakale, amene amakonda kudzikonzera okha njinga yawo Loweruka. Anandionetsa pafoni matebulo amene aona akugulitsidwa ku Lusaka, akufuna limodzi la kunyumba chifukwa msana wayamba kuwavuta. Tsiku lina ndikanangoti gulani lotchipa. Koma ndinawatengera kuseri, ndikuwaonetsa banga la oyilo ndi la magazi pasimenti, ndipo tinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu.

Ndinawauza kuti Boxer yawo sifika makilogalamu 150, choncho la 450 likuwakwanira, la 680 n'kutaya ndalama. Asatengeke ndi la mpweya, chifukwa limafuna kompuresa, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Lopopa ndi phazi silidikira aliyense. Asanapereke ndalama alikweze, aone ngati chokhomera chikulowa bwino pa misinkhu ingapo, aone mowotcherera ngati mulibe ming'alu, agwedeze chopanira wilo. Lopanda chokhomera, ngakhale atapatsidwa laulere, alisiye komweko. Ndinawafunsa kuti aliika pati, anati pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndinakana. Dothi limatitimira mbali imodzi, makamaka mvula ikagwa, ndipo mabwalo athu ambiri kuno ndi otsetsereka. Tebulo limafuna simenti yosalala, yolingana. Njinga imangidwe isanakwezedwe, ndipo akachotsa wilo kapena injini akumbukire kuti kulemera kwasamukira mbali ina. Potsitsa, akweze pang'ono kuti chokhomera chimasuke, ayang'ane pansi, atsitse pang'onopang'ono. Mu jeke muzilowa oyilo wa jeke basi. Pomaliza ndinafunsa ngati pakhomo pali ana. Anati adzukulu atatu. Ndinati ndiye ntchito ikatha tebulo lizitsitsidwa mpaka pansi, lisagone lili m'mwamba ngakhale usiku umodzi.

Aphunzitsiwo analemba zonse kuseri kwa lisiti, nati ayamba athira simenti, tebulo pambuyo.

Loweruka tinaweruka masana, ndinapita kukamuona mnyamata uja kwa azakhali ake kumene akukhala. Dzanja lili m'chikhakha, nsima akudyera kumanzere. Anandifunsa ngati bwana amudula malipiro a masiku amene sakubwera, ndipo ndinamulonjeza kuti nkhaniyo ndiilankhula ndine Lolemba, pamaso pa onse. Bwana akuti athiranso oyilo tebulo liyambe kugwira ntchito sabata yamawa. Chopondera cha pampu ndachimasula, chili m'chikwama changa kuno kunyumba, ndipo ndidzachibweza tsiku limene masilu atsopano ndi chitsulo chokhomera zidzafike pagalaji.