Masiku atatu ku Chembe ndi kamera ya pafoni

Ndinatsika panjinga yamoto ya kabaza m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, dzuwa lili paliwombo. Chikwama chikadali kumsana, ndinathamangira kumchenga n'kuyamba kujambula chilichonse: mabwato, ana osambira, zilumba za Thumbi ndi Domwe. Madzulo nditaziona bwino zithunzizo, mtima unandiwawa. Nyanja inali yotuwa mbuu, nkhope za anthu zili bii, maso atabisika mumthunzi. Ndinayamba kuda foni yanga, koma wolakwa anali nthawi imene ndinasankha. Dzuwa la masana limawomba kuchokera pamutu ndipo limafafaniza mitundu.

M'mawa mwake ndinalawirira mbandakucha. Asodzi amene anagonera panyanja ndi nyali zawo anali akukocheza, amayi akuyala usipa pathandala. Ku Chembe dzuwa limatulukira kuseri kwa mapiri a kumbuyo kwa mudzi, choncho ukapenya kunyanja kuwala kumakhala kumsana kwako, kofewa, kukugwera pa chimene ukujambulacho. Foni yomwe ija inatulutsa usipa wonyezimira ngati ndalama zasiliva. Ndisanayambe ndinapukuta kagalasi ka kamera ndi m'mphepete mwa malaya, chifukwa foni yokhalira m'thumba imakhala ndi mafuta a zala, ndipo chithunzi chimachita ngati chifunga.

Ndinayatsanso timizere ta grid, tomwe timagawa sikirini m'zigawo 9. Panyanja n'tofunika kwambiri. Mzere wolekanitsa madzi ndi thambo ukapendekeka pang'ono pokha, nyanja imaoneka ngati ikutayikira kumbali imodzi. Ndinkauika pa kamzere kapamwamba ndikafuna kuonetsa madzi, ndipo bwato ndinkaliika chakumbali pamene timizere takumana, osati pakati penipeni. Kenako ndinagwada pamchenga. Ukajambula uli chiimire, zonse zimafanana ndi zimene aliyense anaona kale.

Bambo wina ankasoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinawapatsa moni n'kufunsa kuti, "Bambo, mungandilole ndikujambuleni?" Anaseka n'kuvomera, bola ndiwaonetse. Mayi wina pathandala anakana, ndipo foni ndinaibweza m'thumba. Anthuwa ali pantchito yawo, pakwawo.

Masana tinakwera boti kupita ku Thumbi. Derali lili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene bungwe la United Nations la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zamitundumitundu monga mbuna. Woyendetsa boti analiza likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika mwaliwiro. Ulendo woyamba ndinakoka chithunzi ndi zala kuti mbalameyo iyandikire, ndipo ndinapeza chinthu chosaoneka mutu wake, pakuti mafoni ambiri ukatero amangokulitsa timadontho. Kachiwiri ndinasiya kukoka, ndinatsamiritsa zigongono m'nthiti n'kujambula zambiri motsatizana. Chimodzi chokha ndicho chinagwira zikhadabo zikukhudza madzi.

Dzuwa la ku Chembe limalowera chakunyanja. Apa ndinadina pathambo powala, n'kutsitsa kachizindikiro kadzuwa kamene kamaoneka pasikirini. Thambo linafiira psuu, ana a m'bwato n'kusanduka zithunzithunzi zakuda. Ukaisiya foni kuti isankhe yokha, imawalitsa zonse ndipo kufiira kuja kumathawa.

Usiku ndinatsegula Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google yokonzera zithunzi. Ndimayamba ndi kuwongola mzere wa madzi, kenako kudula za m'mbali zosafunika, monga botolo lapulasitiki lomwe linali pakona. Pa chithunzi cha bambo aja ndinakweza Shadows (kuwala kwa malo amdima) pang'ono kuti nkhope ioneke, n'kutsitsa Highlights (kuwala kwa malo owala kwambiri) kuti mchenga usathobwe m'maso. Saturation, yomwe imakoleza mitundu, ndimaiopa. Ndaona zithunzi zambiri pa Facebook zimene nyanja yathu yasanduka utoto wa penti, khungu la anthu n'kukhala ngati lalanje, ndipo zimandipweteka chifukwa nyanjayi sikusowa chodzola. Chithunzi choyambirira ndimachisunga padera, ndipo potumiza pa WhatsApp ndimasankha Document kuti chisaphwanyike.

Tsiku lonyamuka ndinawapeza bambo aja pamtengo womwewo. Anachiyang'anitsitsa chithunzicho, n'kuloza pamene ukonde unang'ambika, amvekere pamenepo asokapo kale dzulo.