Zikomo kwa inu nonse amene munayenda nafe khomo ndi khomo

Abale anga a ku South Bend, Mishawaka, Elkhart ndi inu a kutsidya ku Berrien Springs, ndachedwa kulemba mawu awa chifukwa sabata yonse yathayi ndinali pa shifiti ya usiku, komanso ndimafuna mtima uyambe wakhala pansi. Chisankho cha pa 5 November 2024 chadutsa. Mayi amene tinkawachitira kampeni kuti akalowe m'nyumba ya malamulo ya state ya Indiana, kuno ku America, sanapambane. Ndanena poyera kuti wina asavutike kundifunsa mozungulira tikakumana ku tchalitchi. Koma ndili ndi ngongole ya zikomo kwa anthu ambiri, ndipo ndikufuna ndiibweze pagulu, poti nanunso simunandithandize mobisa.

Ena mwa inu munabwera chifukwa choti ndine amene ndinakupemphani, mayiwo simunkawadziwa n'komwe. Ndi namwino, mbadwa ya kuno, ndipo tagwira limodzi ntchito zaka 9 kunyumba yosamalira okalamba, iwo pa mankhwala, ine ngati CNA, wothandiza anamwino kusamalira odwala. Maganizo oimira anawabwerera usiku wina ine ndili pomwepo. Inali cha m'ma 3 koloko, mnzathu mmodzi sanabwere, ndiye tinatsala awiri mbali yonse. Tikunyamula bambo wina amene anagwa pambali pa bedi, belu la chipinda china linkangolira. Titamaliza tinapeza agogo aakazi, amene ankangofuna madzi akumwa, atatembenukira kukhoma, milomo itauma, atasiya kuitana. Asisiwo anawamwetsa okha, kapu ili m'manja mwawo, dzanja lina litachirikiza mutu. Titabwerera pa desiki anandiuza kuti atopa kulembera aphungu makalata ongoyankhidwa ndi mawu omwewomwewo, ndipo kuti ngati m'nyumba ya malamulo mulibe munthu amene anasinthapo thewera la munthu wamkulu, apita okha akawauze mmene zimakhalira.

Ine panthawiyo ndinkaganiza ngati ambiri a ife, kuti zonse za dziko lino zimagamulidwa ku Washington. Kwathu tinazolowera Nyumba ya Malamulo imodzi ya ku Lilongwe. Kuno state iliyonse ili ndi yake. Ya Indiana imakumana ku Indianapolis ndipo ili ndi zipinda ziwiri, china cha aphungu 100 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, china cha masenetala 50 okhala zaka zinayi. Sakhala chaka chonse ayi. Amayamba mu January, chaka cholemba bajeti amatha kumapeto a April, chaka chinacho amatha pakati pa March, kenako aliyense amabwerera kuntchito yake. Nzika ya zaka 21 imene yakhala zaka ziwiri mu state ndi chaka chimodzi m'dera lake ikhoza kuimira uphungu. Anthu 150 amenewa ndi amene amalemba bajeti ya zaka ziwiri, ndipo m'bajeti imeneyo ndi mmene muli ndalama za Medicaid, thandizo la boma la zachipatala kwa anthu ochepekedwa, zimene zimalipirira okalamba ambiri amene ife timawasambitsa ndi kuwadyetsa.

Nkhani yaikulu imene asisiwa anaimirira inali yomweyo. Mukukumbuka kuti mu December 2023 boma la state linalengeza kuti ndalama za Medicaid zaperewera ndi pafupifupi madola 1 biliyoni poyerekeza ndi zimene ankayembekezera. Zotsatira zake tinaziona mu 2024: anthu okalamba ndi olumala ofuna chithandizo choti azisamalidwa ali pakhomo pawo anayamba kulembedwa pa mndandanda wodikira, ndipo makolo amene ankalipidwa pa ola posamalira ana awo odwala kwambiri anasinthidwira ndondomeko ina kuyambira pa 1 July. Mayiwa ankanena khomo lililonse kuti gogo akadikira miyezi wopanda womuthandiza kusamba ndi kuphika, mapeto ake amagwa m'bafa, amathyoka chiuno, amagonekedwa m'chipatala, kenako amabwera kwa ife, kumene boma limalipira zambiri kuposa zimene likanalipira munthu wopita kunyumba kwake maola ochepa patsiku. Ine mawu amenewa sindinkafunika kuwaloweza, chifukwa anthu otero ndimawalandira ndekha, ali ndi kachikwama kamodzi ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Ndipo kwa ife amene tinakula tikuona agogo akukalambira pakhonde pawo, adzukulu akuwatungira madzi, zoti munthu athere masiku ake panyumba pake si nkhani yofuna kutitanthauzira.

Ankanenanso za malipiro. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Indiana akadali madola 7.25 pa ola kuyambira 2009, pamene ku Michigan, mphindi zochepa kuchokera pano, mu 2024 anali pa 10.33, ndipo ku Illinois anali pa 14. Inde, CNA amalandira kuposa pamenepo, koma munthu amene waphunzira maola 105, wakhoza mayeso, n'kumanyamula anthu usiku wonse, akaona kuti kufakitale kapena ku sitolo angalandire zofanana msana wake uli bwinobwino, amachoka. Akachoka timatsala awiri mbali yonse, ngati usiku uja. Chachitatu chinali malo osungirako ana a makolo ogwira ntchito usiku, ndipo pamenepa amayi anzanga simukufuna kuti ndikufotokozereni.

Achimwene anga ku Ntcheu anandifunsa pa WhatsApp ngati tinasindikiza nsalu za kampeni. Ndinawauza kuti tinali ndi timapepala, mndandanda wa maadiresi pa foni, ndi miyendo yathu basi. Mayiwa sanalonjeze munthu aliyense kanthu ka m'thumba, ndipo ndinawalemekeza kwambiri chifukwa cha chimenecho.

Tsono zikomo. Amayi a Dorika, munandiuza poyambirira kuti pa Sabata musandiyembekezere, koma Lamlungu lililonse la October munafika nthawi isanakwane, mutavala majekete awiriawiri, ena mutangoweruka kumene. Amayi a Mvano, inu munatenga Loweruka, ndiye sabata inakwanira yokha popanda kukangana. Amayi aja amene munathyola nkhwani womaliza m'dimba lanu chisanu chisanauwononge, n'kutendera, n'kubweretsa pamodzi ndi nsima ndi nkhuku ku ofesi ya kampeni, dziwani kuti azungu aja mpaka lero akundifunsa dzina la ndiwo imeneyo. Abambo amene munatiyendetsa pa galimoto yanu masabata atatu yanga itawonongeka, n'kukana ndalama ya mafuta, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo. Ana athu obadwira kuno, inu munatiposa tonse. Pamene ife tinkachita manyazi ndi kalankhulidwe kathu, inu munkagogoda molimba mtima, ndipo mtsikana wina wa zaka 16 anafotokozera bambo wachikulire za ntchito ya mayi ake mpaka bamboyo anatuluka panja wopanda nsapato kudzatipatsa moni.

Sikuti makomo onse anatilandira. Ena anatitsekera chitseko tisanamalize moni, wina anatifunsa kuti tinachokera kuti ndipo tibwerera liti. Walira mvula walira matope, tinapukuta nkhope n'kupita nyumba yotsatira. Koma mlongo wanga amene unalira m'galimoto tsiku limenelo n'kubweranso sabata yotsatira, sindidzaiwala.

Ndithokozenso inu amene munayamba mwafunsa za malamulo musanachite kanthu. Munachita bwino kwambiri, ndipo ndibwereze pano kuti ena amve. Kuvota ndi kwa nzika zokha, ndipo munthu amene si nzika akalembetsa kapena kuvota akhoza kudziwonongera mapepala ake onse. Wa green card, chiphaso chokhalira kuno mokhazikika, akhoza kupereka ndalama ku kampeni. Amene ali pa visa ya sukulu kapena ya ntchito saloledwa kupereka ndalama, koma akhoza kuthandiza mongodzipereka, osalipidwa. Ena munasankha kukhala kutali ndi zonsezi chifukwa cha mmene zinthu zanu zilili, ndipo ndikumvetsa ndi mtima wonse. Munkanditumizira mavesi usiku ndili pa shifiti, ndipo ndinkawawerenga. Palinso banja lina limene limakonda chipani chinacho, linandiuza mosabisa kuti voti yawo sitiipeza, koma ana anga ankagona kwawo Lamlungu lililonse ine ndili m'misewu. Achimwene ndi alamu, mwandiphunzitsa chibale.

Kwa ine chisankho chimenechi chinali choyamba. Ndinalumbira kukhala nzika mu 2023, nditaloweza mafunso 100 a mayeso a unzika pa nthawi yopuma kuntchito, asisi omwewa akundifunsa tikudya. Ndinalembetsa tsiku lomaliza la 7 October lisanafike. Pa 5 November malo ovotera anatsegulidwa 6 koloko m'mawa, ndipo ine ndinachoka kuntchito n'kulunjika komweko ndi yunifolomu, chiphaso chili m'manja. Pamzere ndinakumbukira mayi anga pa 14 June 1993, tsiku la riferendamu, pamene anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Ndinali mwana wa sitandade 3, ndinawaperekeza mpaka pa sukulu, ndipo pobwerera sanalankhule kanthu njira yonse, anangondigwira dzanja mwamphamvu. Nditalandira balota yanga ndinadumpha dzina la pulezidenti ndi la bwanamkubwa, ndinayamba ndafufuza mzere wa phungu wa state. Nditaliona dzina la munthu amene ndimagawana naye tiyi 4 koloko m'bandakucha, manja ananjenjemera. Mayi wothandiza pamalopo anandifunsa ngati ndili bwino, ndinamuuza kuti ndi koyamba, ndipo anandigwira paphewa.

Usiku wa zotsatira asisiwa anaimbira foni amene anapambana kumufunira zabwino, kenako anazungulira chipinda chonse kugwira chanza aliyense, mpaka ana. Lachinayi anali atabwerera pa shifiti, akugawa mankhwala ngati kale. Kwa inu asisi, ngakhale mawu awa adzachita kukuwerengerani mwana wanga: zikomo potilola ife obwera kuti tiyende nanu, ndiponso potchula ntchito yathu ndi dzina lake pamaso pa anthu.

Mu January 2025 aphungu akuyamba kulemba bajeti yatsopano, ndipo makomiti awo amalola anthu wamba kukalankhula. Tagwirizana kuti tsiku limene adzakambirane za Medicaid tidzatsika ndi msewu wa US 31 mpaka ku Statehouse, kumene aphungu amakumana ku Indianapolis, ulendo wa maola awiri ndi theka, titavala mayunifolomu athu. Amene mukufuna malo m'galimoto mundiuze msanga kuti tipemphe ofu nthawi ilipo. Ndipo mapoto awiri aakulu aja ndi chikombe chamtengo zikadali kunyumba kwanga, zotsukatsuka, eni ake mundiuze ndikubweretsereni Lamlungu.