Chitumbuwa chimodzi basi mwana wanga walephera moyo?

Dzulo ndinaona kavidiyo pa Facebook, munthu akufotokoza motsimikiza zedi kuti mwana ukamupatsa switi nkumuuza kuti akadikira umuonjezera ina, iye nkudya pompo, ameneyo tsogolo alibe. Ine ndi phuma langali ndagula zitumbuwa ziwiri pamsika, ndamukhazika mwana wanga wa zaka 4 pakhonde, ndamuika chimodzi m'mbale, ndati bambo musadye, ndikabwera ndikupatsani china. Sindinafike ndi pampopi pomwe, pocheuka munthu akunyambita zala kkkk.

Zinandiwawa ndithu osanama. Koma usiku kutentha kwa Mangochi kuno tulo osabwera, ndinayamba kufufuza kuti nkhaniyi inachokera kuti. Kani ndi kafukufuku wa Walter Mischel ku Stanford, America, cha m'ma 1970, ndipo ana ambiri anali a aphunzitsi ndi ophunzira a payunivesite pompo, ana okhuta, oti switi kwa iwo si nkhani. Ndiye mwana ameneyo mumufanizire ndi wa ku Makanjira amene amadya mbale imodzi ndi azikulu ake anayi, woti akangozengereza usipa watha? Mu 2018 Tyler Watts ndi anzake anaonanso ana oposa 900 a m'mabanja osiyanasiyana, ndipo atawerengera chuma ndi maphunziro a makolo, mphamvu ya kudikira switi kuja pa tsogolo la mwana inangotsala pang'ono kwambiri.

Koma apa musathamangire kunena kuti basi ana akumudzi sadikira chifukwa cha umphawi ayi. Ku Cameroon ana a alimi a mtundu wa Nso, pafupifupi 70 pa 100 anadikira mphindi 10 zonse, pomwe a ku Germany ndi 28 okha, zinatuluka mu 2017 zimenezo. Nanga Cameroon ndi Mangochi? Iyayi, nayonso sindingainyamule nkuikhazika pakhonde panga, kaleredwe ndi kosiyana.

Chimene chandilasa ine ndi kafukufuku wa ku yunivesite ya Rochester, ku America. Kumeneko ana ena anayamba awanamiza kaye kuti tikubweretserani makrayoni abwino koma osabweretsa, ndiye pa switi paja onamizidwawo anadikira pafupifupi mphindi 3 zokha, anzawo osanamizidwa mphindi 12.

Mwana wangayu ndinamulonjeza mpira nthawi ya Eid, mpaka lero akumenyabe wa mapepala womanga ndi mphira. Ndipo chitumbuwa chachiwiri chija, ndinene zoona, ndinadya ndine ndi tiyi.