Feteleza wa pakapinga wapita ndi mvula

Lachinayi. M'mawa abwana anandisiyira thumba la feteleza kuti ndimwaze pakapinga. Ndinati, "Bwana, kumwambaku kwada, bwanji tidikireko?" Iwo anati Loweruka kukubwera alendo, kapinga abiriwire. Ndinamwaza. Cha m'ma 3 koloko mvula ya ku Joni ija, ya ziphaliwali, inakhuthuka. Ndinaima pakhomo la galaja ndikuona timibulu toyera tikukokoloka kulowa m'ngalande ya mumsewu.

Mtima unandipweteka. Kwathu ku Ntcheu amayi amathira feteleza ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando, osataya ngakhale kambulu kamodzi.

Madzulo mu takisi ndinakhala ndi achimwene ena a ku Mangochi, amene kale ankapha nsomba ku Malombe. Tikuwoloka mtsinje wa Jukskei ku Alexandra, fungo la zimbudzi linalowa pazenera, madzi ali thovu lokhalokha. Nditawafotokozera za feteleza uja, anapukusa mutu. "Achimwene, munafikako ku damu la Hartbeespoort? Namasupuni ali mbwee, ngati pa Shire ku Liwonde. Chakudya chake ndi chomwechi."

Akunena zoona. Nayitirojeni ndi fosifolasi, zimene zimanenepetsa chimanga, zimanenepetsanso namasupuni ndi ndere, kaya zachokera m'feteleza kaya m'mapaipi ophulika a zimbudzi. Zomerazo zikafa n'kuyamba kuwola, zimamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kubanika. Ndipo madziwa saima padamu. Jukskei amathira mumtsinje wa Crocodile, umene umadutsa padamupo n'kukathira mu Limpopo, Limpopo n'kukafika kunyanja yamchere pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique, kumene anthu amadalira nsomba ngati abale athu a ku Malombe. Kunyanja ya Gulf of Mexico, kumene mtsinje wa Mississippi umathira feteleza wa m'minda ya ku America, chaka ndi chaka nyengo yotentha pamakhala dera lalikulu limene nsomba zimalithawa.

Alipo amene akulimbana nazo. A ku Rhodes University amaweta tizilombo toyamwa namasupuni n'kukatisiya padamupo, ndipo a gulu la Alexandra Water Warriors amavuula zinyalala mu Jukskei. Ndimawalemekeza kwambiri. Koma malinga ngati chakudyacho chikutsikabe ndi madzi, namasupuni aziphukiranso, ndipo lero wina wochitsitsa ndinali ine.

Kuseri kwa galaja kuli malo. Mawa ndikapempha adona andilole kukumba dzenje la manyowa, masamba ndi udzu wotchetcha tisamazitayenso m'mapulasitiki.