Malipiro a osewera ndi lendi ya sitediyamu: momwe timu imamirira m'ngongole

Timu ikayamba kulephera kulipira osewera, masapota amathamangira kuloza chala mwini timu kuti wadya ndalama. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limakhala litalembedwa kale m'mapepala omwe anasainidwa zinthu zikadali bwino, omwe ndi makontirakiti a osewera ndi mgwirizano wa lendi ya sitediyamu. Ndalama zolembedwa m'mapepalawa sizitsika timu ikamagonja, pomwe zomwe timu imapeza zimatsika msanga.

Timu imapeza ndalama kuchokera ku matikiti ndi zogulitsa za tsiku la masewera, ku gawo lake la ndalama za wailesi ya kanema, komanso kwa makampani oithandiza ndi malonda a majezi. Kugulitsa wosewera kumabweretsanso ndalama, koma si za chaka ndi chaka. Timu yoika ndalama zimenezi mu bajeti wogula asanapezeke ikuwerengera madzi a mphutsi.

Nthawi yomwe ndalama zimalowa nayo ndi nkhani. Mu ligi ya matimu 24, ngati Championship, ligi yachiwiri ya ku England, timu imasewera pakhomo ka 23 pa chaka, ndipo mu June ndi July mulibe masewera a ligi. Malipiro ndiye amatuluka mwezi ndi mwezi, ka 12. Mpata umenewu amautseka ndi ndalama za matikiti a chaka chonse omwe masapota amagula ligi isanayambe, ndipo ngozi imayamba pomwe timu yadyeratu ndalamazi kapena yazichita chikole. Leeds United inachita zimenezi mu 2001, chaka chomwe inafika mu ndime yachibwereza ya Champions League: inakongola £60 miliyoni podalira ndalama za matikiti a zaka za m'tsogolo. Mu 2004 inatsika ligi, inagulitsa Elland Road n'kuyamba kulipira lendi pa bwalo lake lomwe, ndipo pofika 2007 inali mu League One, ligi yachitatu, italandidwa mapointi 15 isanamenye mpira.

Anthu akamati malipiro amaganiza za ndalama yomwe wosewera amalandira pa sabata. Woona za ndalama m'timu amawerengera zambiri. Pali mabonasi opambana ndi ogoletsa, ndalama yosainira kontirakiti, gawo la ajenti, msonkho womwe olemba ntchito amalipira pamwamba pa malipirowo, aphunzitsi, madokotala, ndi mphunzitsi amene anachotsedwa chaka chatha koma akulandirabe mpaka kontirakiti yake ithe. Ameneyu amaiwalika kwambiri. Timu yochotsa aphunzitsi awiri m'chaka chimodzi imapezeka ikulipira atatu pa ntchito ya munthu mmodzi. Lamulo la UEFA, kuyambira 2025/26, likuti malipiro a osewera ndi aphunzitsi, ndalama zogulira osewera ndi za maajenti zisapitirire 70 pa 100 iliyonse yomwe timu imapeza. Mu Championship mwakhala zaka zingapo zomwe malipiro okha a matimu onse pamodzi ankaposa ndalama zonse zomwe matimuwo ankapeza.

Tiyerekeze timu yomwe imapeza 100 pa chaka, n'kumalipira 65. Ili bwinobwino. Yatsika ligi, ndipo ndalama zolowa zafika pa 60. Osewera ali ndi makontirakiti a zaka zitatu, choncho 65 ija ikadalipo, ndipo tsopano malipiro ndi 108 pa 100, lendi, magetsi ndi maulendo zisanawerengedwe. Makontirakitiwo akanakhala ndi ndime yoti malipiro adzatsika ndi 40 pa 100 timu ikatsika ligi, 65 ija ikanakhala 39 pa 60 yolowa, womwe ndi muyezo wakale womwe uja wa 65 pa 100. Ndime imodzi yokha. Maajenti amaikana, ndipo timu yomwe ikufunitsitsa wosewera tsiku lomaliza la msika imagonja n'kuichotsa. Ine ndimati wosewera wokana ndime imeneyi ndi wodula kuposa mtengo wake, ndipo ndi bwino kumusiya apite.

Ndalama zikachepa, pali ndondomeko yodziwika ya yemwe amayamba kumanidwa. Oyamba ndi amalonda ang'onoang'ono, monga osindikiza mapulogalamu ndi ochapa majezi. Kenako msonkho, kenako lendi. Osewera amakhala omalizira, ndipo chifukwa chake si chifundo. Malamulo a FIFA amalola wosewera yemwe sanalandire malipiro a miyezi iwiri kuthetsa kontirakiti, bola alembe kalata yopereka masiku 15 oti timu ilipire. Akachoka mwa njira imeneyi timu yataya munthu yemwe ikanamugulitsa, ndipo ngongole ya malipiro akewo ikadalipo. Msonkho nawo sudikira mpaka kalekale. Portsmouth, yomwe inatenga FA Cup mu 2008, inakokedwera ku khoti ndi bungwe lotolera msonkho, ndipo mu February 2010 inakhala timu yoyamba ya Premier League kuikidwa m'manja mwa oyendetsa kampani yolephera kubweza ngongole. Inalandidwa mapointi 9 n'kutsika ligi.

Choncho lendi ndi yomwe eni timu ambiri amaona ngati angaigwiritse ntchito pokakamiza zokambirana. Nkhani ya Coventry City imaonetsa momwe zimathera.

Coventry inachoka pa bwalo lake la Highfield Road mu 2005 n'kulowa mu Ricoh Arena, sitediyamu yomwe siinali yake. Inkayendetsedwa ndi kampani ya Arena Coventry Limited, yomwe eni ake anali khonsolo ya mzinda ndi bungwe lachifundo la Alan Edward Higgs. Lendi inali yoposa £1.2 miliyoni pa chaka. Ndalamayi inali yambiri kale timu ili mu Championship, ndipo itatsikira mu League One mu 2012 inafika posapiririka. Koma chomwe chinkapweteka kwambiri n'chakuti ndalama za zakudya ndi zakumwa zomwe masapota ankagula m'sitediyamumo sizinkapita ku timu. Timu inkaitana anthu, wina n'kumawagulitsa malonda. Eni timu, kampani ya SISU, anasiya kulipira lendi mu 2012. Mwini sitediyamu anapita ku khoti, anapambana, ndipo maakaunti a timu ku banki anatsekedwa. Mwini sitediyamuyo anavomera kutsitsa lendi kwambiri, koma mbali ziwirizi sizinamvane. Mu 2013 timu inalandidwa mapointi 10 mu March, enanso 10 ligi yatsopano ikuyamba, n'kusamukira ku Sixfields mu mzinda wa Northampton, mtunda wa makilomita oposa 50. Kumeneko kunkapita anthu pafupifupi 2,000 okha. Tsiku lomwe inabwerera ku Ricoh mu September 2014, posewera ndi Gillingham, kunafika anthu oposa 27,000. Zomwe timu inapulumutsa pa lendi inazitaya pa matikiti, ndipo mkangano sunathe. Kalabu ya rugby ya Wasps inagula kampani yoyendetsa sitediyamuyo, ndipo kuyambira 2019 mpaka 2021 Coventry inkasewera masewera ake apakhomo ku St Andrew's mu Birmingham.

Kukana kulipira lendi ndi chida chofooka chifukwa timu singakhale mu ligi popanda bwalo lovomerezeka, ndipo mwini sitediyamu amadziwa zimenezo. Iyenso amafuna timu, inde, popeza sitediyamu yopanda mpira imangodya ndalama. Koma iye angathe kudikira miyezi, pomwe timu ili ndi masewera Loweruka.

Powerenga mgwirizano wa lendi, chiwerengero cha pa tsamba loyamba sichinena zambiri. Funso loyamba ndi loti ndalama za zakudya, zakumwa, malo oimika magalimoto, zipinda za alendo olemekezeka ndi dzina la sitediyamu zikupita kwa yani. Lendi yokwera yomwe ikupatsa timu zonsezi imaposa lendi yotsika yomwe ikungopereka udzu ndi mipando. Kenako muone yemwe akulipira oyang'anira chitetezo, apolisi, magetsi ausiku ndi kusamalira udzu, chifukwa zimenezi zikakhala za timu ndi lendi yachiwiri yobisika. West Ham United inalowa mu London Stadium mu 2016 pa mgwirizano wa zaka 99, lendi yoyambira £2.5 miliyoni pa chaka, yotsika ndi theka timu ikatsika ligi, ndipo zambiri zoyendetsera tsiku la masewera zili kwa mwini sitediyamu. Okhoma msonkho, omwe ndalama zawo zimayendetsa sitediyamuyi, akhala akudandaula nawo mgwirizanowu, ndipo ali ndi chifukwa, koma kumbali ya timu ndi chitsanzo cha lendi yomwe imatsika pamodzi ndi ndalama zolowa. Muonenso yemwe ali ndi mphamvu pa kalendala ndi pa udzu. Mu August 2022 Coventry inaimitsa masewera ake oyamba apakhomo chifukwa udzu unawonongeka ndi rugby ya Commonwealth Games yomwe inachitikira pa sitediyamu ya mu Coventry ija.

Timu yomwe yaona kuti lendi ikuvuta iyambe ndi kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka sabata ndi sabata, kwa miyezi itatu ikubwerayo. Bajeti ya chaka imabisa sabata yomwe malipiro, msonkho ndi lendi zikumana mulibe masewera apakhomo. Ipite kwa mwini sitediyamu ndi mawerengero amenewa tsiku lolipira lisanadutse, chifukwa wopempha asanaphonye amamvedwa mosiyana ndi yemwe ali kale ndi ngongole. Ilipirebe gawo lomwe siikutsutsa, kuti nkhani ikafika ku khoti zisaoneke ngati inangokana dala. Chopempha chikhale chomveka: lendi yochepa yokhazikika, kuonjezera pang'ono pa munthu aliyense wolowa kupitirira chiwerengero chomwe agwirizana, ndi gawo la malonda a m'sitediyamu. Mwini sitediyamu amavomera msanga zotere kusiyana ndi kungodula lendi, popeza timu ikakwera ligi nayenso amapindula.

Ndipo adzafunsa za malipiro. Palibe mwini sitediyamu angatsitse lendi ataona kuti timu yomwe ikulira umphawi yasainira osewera atatu atsopano mwezi womwewo. Choncho kudula malipiro kuyende limodzi ndi zokambiranazo: kubwereketsa osewera odula ku matimu omwe angalipire gawo la malipiro awo, kugwirizana ndi omwe sakusewera kuti athetse kontirakiti polandira gawo la zotsala, ndi kupempha enawo kuti adikire gawo la malipiro. Kudikiraku kulembedwe, kusainidwe ndi wosewera aliyense payekha, ndipo kukhale ndi tsiku lobwezera. Lonjezo lapakamwa la m'chipinda chovalira silimuletsa wosewera kulemba kalata ya masiku 15.