Ndege ikagwera m'dambo, kuipeza ndi nkhani ina

Munthu akayamba kuwerenga malipoti a ndege zomwe zinagwera m'nkhalango ndi m'madambo a maiko otentha, amaganiza kuti apeza nkhani za injini zophulika. Zotere zilipo koma n'zochepa. Zomwe zimabwerabwera ndi kanthu kakang'ono komwe kanasocheretsa oyendetsa, kenako maola ambirimbiri omwe anadutsa anthu asanadziwe pomwe ndegeyo yagwera. Mbali yachiwiriyi ndi yomwe ikutikhudza ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, poti Elephant Marsh ndi dambo la Ndindi ndi malo oti chinthu chachikulu chikhoza kulowamo bango n'kutseka pamwamba.

Taonani za ku Douala, m'dziko la Cameroon. Pa 5 Meyi 2007, pakati pausiku, ndege ya Kenya Airways ya mtundu wa Boeing 737 inanyamuka kunja kuli mdima ndi mvula, itanyamula anthu 114. Woyendetsa wamkulu anaitanitsa kuti makina odziyendetsa okha ayatsidwe, koma sanagwire, ndipo iye ndi woyendetsa mnzake onse awiri sanazindikire. Ndegeyo inayamba kupendekera kumanja pang'onopang'ono. Apa pali mfundo yomwe ambiri sitiidziwa: kupendekera kukamachitika mwapang'onopang'ono, timadzi ta m'kati mwa khutu tomwe timauza thupi kuti laima bwanji sitimva kanthu. Munthu amadziona ngati ali bwinobwino. Chenjezo litalira, woyendetsayo anakhotetsera komwe ndege inapendekera kale. Pasanathe mphindi ziwiri chinyamukireni, inali italowa m'matope a dambo, makilomita ngati 5 okha kuchokera pabwalo. Palibe anapulumuka.

Makilomita 5 ndi mtunda woti wa kabaza amaupalasa osapumira. Komabe ofunafuna anayamba kukasaka kutali, kunkhalango za kummwera kwa dzikolo, ndipo malo enieniwo anawapeza tsiku lotsatira chakumadzulo. Ndege ikagwa chamutu m'matope simwaza zidutswa patali, imakumba dzenje n'kumira, madzi n'kudzaza. Wouluka pamwamba amangoona thamanda.

Pali chipangizo chomwe ntchito yake ndi kuthetsa vuto limeneli, dzina lake ELT. Ndi kabokosi kokhala ndi batire lakelake, nthawi zambiri kamaikidwa chakumchira, ndipo kamadziyatsa kokha ndege ikamenyetseka mwamphamvu. Tamakono timatumiza uthenga pa 406 MHz kupita ku masetilaiti othandiza kupeza osowa pangozi otchedwa Cospas-Sarsat, ndipo uthengawo umanena kuti ndi ndege iti. Takale tinkalira pa 121.5 MHz, koma kuyambira mu 2009 masetilaiti anasiya kumvetsera pamenepo. Kabokosika kamalephera m'njira zodziwika bwino: waya wopita ku eriyo akaduka, ndege ikagadabuzika eriyo n'kukwiririka, ikamira m'madzi, kapena batire likakhala lotha.

Za batire lothazi sitikuchita kumva za kutali. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu itanyamula yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, malemu Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Inagwera m'nkhalango ya Chikangawa kuli chifunga, ndipo inapezeka mawa lake, onse atamwalira. Akatswiri a ku Germany a bungwe lofufuza ngozi za ndege la BFU analemba kuti batire la ELT ya ndegeyo linatha ntchito mu 2004, komanso kuti munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ngakhale osunga kayendedwe ka ndege. Ofunafuna anadalira nsanja za mafoni, zomwe zimangosonyeza dera, osati malo enieni. Njira yomwe ndegeyo inadutsa inadziwika pambuyo pake kuchokera mu GPS yomwe inali m'chipinda cha oyendetsa.

Chifunga chobisa mapiri nafenso tili nacho pakhomo. Pansi pa chigwa cha Shire malo ambiri safika mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene bwalo la Chileka lili pafupifupi mamita 780 ndipo phiri la Thyolo limapitirira mamita 1,400. M'miyezi ya chiperoni kuno kumunsi kumatha kuoneka bwino, koma zitunda zonse zitavala mtambo. Woyendetsa wodalira maso akamazemba mtambo potsika pansi, nthaka imakhala ikukwera kudzakumana naye. Kutentha nakonso kumaba mphamvu. Oyendetsa amawerengera kuti digiri iliyonse yopitirira 15 pamalo otsika ili ngati kukweza bwalo ndi mafiti 120. Tsiku la Okutobala loti kwafika 42, ndege yaing'ono yonyamuka ku Nchalo kapena ku Bangula imakhala ngati ikunyamukira pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000: imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo imakwera mwaulesi.

Ngozi yomwe imandidabwitsa kuposa zonse ndi ya ku Brazil, ya pa 3 Seputembala 1989. Ndege ya Varig inkachoka ku Marabá kupita ku Belém, ulendo wosakwana ola limodzi. Papepala la ulendo panalembedwa 0270, kutanthauza madigiri 27.0, ndiko kumpoto chopendekera kummawa. Woyendetsa anatchera 270, komwe ndi kumadzulo kwenikweni, ndipo mnzake anangokopera nambalayo m'malo moyang'ana payekha. Dzuwa linali kulowa patsogolo pawo penipeni, chinthu choti msodzi aliyense wa pa Shire akanafunsa kuti kodi tikupita kuti. Atazindikira kuti asochera anatsata mtsinje wolakwika, mafuta anatha patadutsa maola oposa atatu, n'kutera pamwamba pa mitengo mumdima, makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Belém. Mwa anthu 54, 12 anamwalira, ena mwa iwo akudikira thandizo. Ofunafuna sakanaganiza zokayang'ana kumeneko. Thandizo linabwera patapita masiku awiri, opulumuka angapo atayenda pansi mpaka kupeza famu komwe uthenga unatumizidwa pa wailesi.

Ndiye wopulumuka ayende kapena akhale? Ambiri amatchula Juliane Koepcke, mtsikana wa zaka 17 yemwe anapulumuka yekha mwa anthu 92 pamene ndege ya LANSA inasweka mumlengalenga itaombedwa ndi mphenzi ku Peru pa 24 Disembala 1971. Iye anatsata kamtsinje kulowera komwe madzi akupita mpaka anafika pamsasa wa odula mitengo, atakhala m'nkhalango masiku 11. Koma anali atakhalako kale m'nkhalango za kumeneko, makolo ake anali akatswiri a zamoyo, ndipo kamtsinje kake kanali ndi kolowera. M'dambo mwathu muno nzeru imeneyi ndi yoopsa. Madzi amaima, timakwalala timazungulira m'bango ndi namasupuni n'kubwerera pomwepo, ndipo ng'ona ndi mvuu ndiye kwawo. Malangizo omwe oyendetsa amaphunzitsidwa ndi oti ukhale pafupi ndi ndege, chifukwa phiko limaoneka patali kuposa munthu. Uyale nsalu zowala poyera, usonkhe moto kutali ndi pomwe patayikira mafuta, ndipo ukamva ndege ina uponyepo masamba aawisi kuti utsi uchuluke. Galasi lothwanimitsa dzuwa limaoneka pamtunda wa makilomita angapo.

Otsala ndi ife apansi. Ndege ikasowa, uthenga wa msodzi kapena mbusa wa ng'ombe umatha kuchepetsa dera losakamo kuposa makina, koma ukhale uthenga wogwirika. Kungoti “ndinamva chiphokoso” sikuthandiza kwenikweni. Onani nthawi pafoni pompopompo. Kumbukirani pomwe munaima, komwe ndege imachokera ndi komwe imalowera poyerekeza ndi chinthu chosasuntha monga phiri, mlatho kapena nsanja ya foni, ndiponso ngati injini imalira bwino, imadukiza kapena inali zii. Anthu awiri oima m'midzi yosiyana akaloza aliyense komwe anaona utsi, pamapu mizere iwiriyo imakumana pamalo amodzi. Uthengawo upite kupolisi ndi kwa amfumu nthawi yomweyo.

Mukafika pamalopo, yandikirani mphepo ikuchokera kumsana kwanu, chifukwa utsi wa mipando ndi mawaya ndi wapoizoni. Fodya ndi nyali za moto zikhale kutali. Wovulala yemwe akudandaula khosi kapena msana musamunyamule chinyamulenyamule pokhapokha moto ukuyandikira. Zitsulo zisiyeni momwe zagwera, ngakhale zooneka ngati zabwino kukhomera khola, popeza ofufuza amawerenga momwe zayalikira kuti adziwe liwiro ndi mbali yomwe ndege inafikira pansi. Bokosi losunga mawu a oyendetsa kapena kayendedwe ka ndege, lomwe anthu amati lakuda lija, ndi la mtundu wa lalanje. Likamira m'madzi limalira kaphokoso komwe khutu silimva koma makina amamva, kwa masiku osachepera 30, choncho mukaliona sonyezani apolisi pomwe lili, musalitsegule.